Mzinda ukakula, lendi ya ofesi imatani?

Munthu amene akufuna ofesi ya zipinda ziwiri mumzinda wa Mzuzu savutika kwenikweni. Akayenda m'tauni tsiku limodzi, kufunsa apa ndi apo, apeza malo pamwamba pa sitolo kapena kuseli kwa nyumba ina yamalonda. Koma kampani yofuna kusonkhanitsa antchito 200 pansi pa denga limodzi, m'nyumba yokhala ndi chikepe, jenereta, madzi osadukiza ndi malo okwanira oimika magalimoto, ingathe kufufuza chaka chathunthu mpaka kuganiza zongomanga yokha. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre kampani yomweyo ipeza malo, ngakhale nyumba zoti isankhepo n'zowerengeka ndi zala. Ku Johannesburg eni nyumba ndiwo angailimbirane, ena mpaka kuilonjeza miyezi ingapo yokhala ulere bola isaine mgwirizano wa zaka zisanu.

Amisiri omanga nyumba alipo konseko, ndipo njerwa ndi simenti n'zomwezo. Chasiyanitsa malo atatuwa ndi kukula kwa mzinda. Nkhaniyi si ya mabwana a makampani okha ayi. Aliyense amene amadulidwa ndalama ya penshoni pamalipiro ake ali ndi gawo, ngakhale lochepa, m'nyumba zina zosanja zomwe amazidutsa popita kuntchito, pakuti mabungwe osunga ndalama za penshoni ndi makampani a inshulansi ndiwo eni ake a zambiri mwa nyumbazi. Aliyense wokhoma msonkho amalipirako lendi ya maofesi a boma. Ndipo banja lomwe lauzidwa kuti lisamuke chifukwa mwini nyumba wapeza bungwe lofuna kuisandutsa ofesi, lakhudzidwa kale ndi msikawu ngakhale silidaulowepo.

Kalembera wa anthu wa mu 2018 adapeza kuti mumzinda wa Lilongwe mudali anthu 989,318, mu Blantyre 800,264, mu Mzuzu 221,272 ndipo mu Zomba 105,013. Kuphatikiza mizinda inayiyi, anthu ake adali pafupifupi 2.1 miliyoni. Chiwerengerochi sichifika ngakhale theka la anthu a mumzinda umodzi wa Johannesburg, omwe kalembera wa dziko la South Africa wa mu 2022 adawapeza kuti ndi 4.8 miliyoni. Nairobi idali ndi anthu pafupifupi 4.4 miliyoni mu 2019. Choncho mizinda yomwe ife timaitcha ikuluikulu, kwa munthu wochita malonda a nyumba kunjaku ndi yapakati chabe.

Komabe mitu ya anthu payokha sichita lendi ofesi. Ambiri mwa anthu a m'mizinda yathu amapeza chakudya kudzera m'mageni, maganyu, kabaza, ukalipentala ndi ntchito zina zosafuna desiki. Ofuna maofesi ndi mabanki, makampani a inshulansi ndi a mafoni, maloya, akatswiri owerengera ndalama, nthambi za boma, akazembe ndi mabungwe omwe si aboma. Funso lenileni ndi lakuti mumzindawo muli ntchito zingati za mtundu umenewu. Ndipo apa pali chinthu chodabwitsa: mzinda ukakula kawiri, ntchito zoterezi sizimangowonjezekera kawiri, zimapitirira pamenepo.

Katswiri wa zachuma wa ku England, Alfred Marshall, adalongosola chifukwa chake kalekale m'buku lake la mu 1890. Iye adaona kuti anthu a ntchito zofanana akakhala pamodzi amapindula patatu: olemba ntchito amapeza anthu aluso mosavuta, ogulitsa zinthu zofunika pantchitoyo amabwera pafupi, ndipo nzeru zimayenda kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo popanda wolipira. Zaka zoposa 100 pambuyo pake, mu 2007, Luis Bettencourt, Geoffrey West ndi anzawo atasanthula ziwerengero za mizinda yambiri adapeza kuti mzinda ukakula kawiri, zinthu monga malipiro ndi chuma chopangidwa ndi munthu mmodzi zimakwera ndi pafupifupi 15 peresenti.

Sitifunika kupita kutali kuti tione zimenezi. Loya wa milandu ya zamalonda amafuna kukhala kufupi ndi bwalo lalikulu la milandu, kufupi ndi banki yomwe ndi kasitomala wake, kufupinso ndi wowerengera ndalama amene amagwira naye ntchito. Banki imafuna kuyandikana ndi makampani obwereka ndalama zambiri. Wokonza makompyuta amatsata onsewa. Umu ndimo msewu wa Victoria Avenue ndi misewu yoyandikana nayo mu Blantyre idadzadzira ndi nyumba monga Delamere House, Chayamba Building, Umoyo House ndi Livingstone Towers, ndipo msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange uli pomwepo. Palibe adawakakamiza anthuwa kuunjikana. Aliyense adatsata mnzake, monga momwe ogulitsa matimati amakhalira mzere umodzi pamsika chikhalirecho akupikisana.

Anthu ambiri akamafuna malo amodzimodzi, mtengo wa malowo umakwera, ndipo ndi mtengo wa malo womwe umakankhira nyumba m'mwamba. Kumanga nyumba yosanja n'kokwera mtengo kuposa kumanga yapansi ya kukula komweko. Pamafunika maziko akuya, zitsulo zambiri, chikepe, mapampu okweza madzi, njira zothawira moto, ndiponso jenereta yoti chikepecho chisaime ndi anthu m'kati magetsi akathima. Munthu wanzeru zake amalolera zonsezi pokhapokha ngati malo ali odula kwambiri moti kugula puloti yachiwiri kungamuwonongere ndalama zochuluka kuposa kuwonjezera nsanjika. M'tauni yaing'ono, momwe malo akadalipo ndipo ndi otsika mtengo, nyumba zimakula cham'mbali. Si kuti anthu a kumeneko alibe masomphenya, monga ena amanenera monyoza. Masamu ake ndiwo sawalola.

Chachiwiri chomwe kukula kwa mzinda kumasintha ndi kuya kwa msika. Tiyerekeze tauni yomwe maofesi ake onse abwino ndi okwana masikweya mita 20,000. Bungwe limodzi lomwe limachita lendi masikweya mita 2,000 likatseka pulojekiti yake n'kuchoka, gawo limodzi mwa magawo khumi la msika wonse lakhala lopanda munthu tsiku limodzi. Eni nyumba ayamba kutsitsirana mitengo, ndipo pangapite zaka malowo asadadzaze. Tiyerekezenso mzinda wa masikweya mita 2 miliyoni. Bungwe lomwelo likachoka, msika sumva n'komwe, ngati kutunga chidebe chimodzi m'nyanja. Chimodzimodzi pomanga: nyumba imodzi yaikulu yatsopano m'tauni yaing'ono ingathe kukhutitsa msika kwa zaka zambiri, pomwe mumzinda waukulu imamezedwa isadathe n'kupakidwa penti.

N'chifukwa chake m'mizinda yaing'ono anthu saika ndalama m'nyumba yaikulu ya maofesi asadapeze woti adzalowemo. Banki nayo sibwereketsa ndalama isadaone mgwirizano wa lendi wosainidwa ndi kampani yodalirika. Zotsatira zake msika umayenda modumphadumpha: zaka zambiri malo abwino amasowa ndipo lendi imakwera, kenaka nyumba ziwiri kapena zitatu zimatha nthawi imodzi, zikwangwani zoitana ochita lendi n'kudzadza m'mawindo.

Palinso nkhani ya kudziwa mitengo. Ku South Africa bungwe la eni nyumba zamalonda la Sapoa limatulutsa lipoti miyezi itatu iliyonse losonyeza kuchuluka kwa maofesi opanda anthu dera ndi dera, ndipo nyumbazo zimaikidwa m'magulu malinga ndi ubwino wake. Wofuna kumanga amadziwa kuti ku Sandton zinthu zili motere, ku Rosebank motere. Pamsika waung'ono nyumba zikuluzikulu sizigulitsidwa kawirikawiri, ndiye wowerengera mtengo wa nyumba amasowa zofananitsa nazo. Ndipo tsiku lomwe mwini nyumba ya nsanjika khumi angafune kuigulitsa, oti angaigule m'dziko muno ndi ochepa kwambiri: mabanki angapo, makampani a inshulansi, osunga ndalama za penshoni, mwina ndi boma. Katundu wovuta kugulitsa amafuna phindu lalikulu kuti munthu alolere kumangirira ndalama zake mmenemo, ndipo phindulo limachokera m'thumba mwa wochita lendi.

Dziko la Malawi lili ndi vuto lake lapadera: msika wake, womwe ndi waung'ono kale, udagawika pawiri. Blantyre idayamba ngati mishoni mu 1876, n'kukula ngati malo a malonda. Nyumba ya Mandala, yomwe kampani ya African Lakes idamanga mu 1882, ikadalipo mpaka lero. Sitima yapamtunda itafika mu 1908, makampani adazika mizu ku Blantyre ndi ku Limbe, pomwe boma la atsamunda lidali ku Zomba. Mu 1975 likulu la dziko lidasamukira ku Lilongwe, koma makampani ambiri sadatsatire. Mpaka pano National Bank, FDH Bank, NBS Bank, First Capital Bank, TNM, Escom ndi bungwe lotolera misonkho la MRA ali ndi malikulu awo ku Blantyre, pomwe Reserve Bank, Standard Bank, Airtel, maunduna, Nyumba ya Malamulo ndi akazembe ali ku Lilongwe.

Anzathu a ku Zambia zawo zidayenda mwina. Lusaka yakhala likulu kuyambira mu 1935, ndipo boma, mabanki, akazembe ndi likulu la bungwe la Comesa zonse zili mumzinda umodzi, ngakhale migodi ili ku Copperbelt. Kwathu kuno kampani yofuna kuchita malonda ndi boma komanso ndi makampani anzake imakakamizika kukhala ndi maofesi awiri, ina ku Blantyre ina ku Lilongwe, mabwana ake n'kumangokhalira pamsewu wa makilomita oposa 300 pakati pa mizinda iwiriyi. Mmalo mwa msika umodzi wa anthu pafupifupi 1.8 miliyoni, womwe ukadatha kunyamula nyumba zikuluzikulu zingapo, tili ndi misika iwiri yosaya. Kugawikaku kuli ndi ubwino wake pa kufalitsa chitukuko, ndipo amene adasamutsa likulu ankafuna zomwezo, koma pa msika wa maofesi mtengo wake ndi umenewu.

Misika iwiriyi imasiyananso khalidwe chifukwa cha omwe amachita lendi. Blantyre imadalira makampani, choncho imatentha ndi kuzizira pamodzi ndi malonda. Lilongwe imadalira boma ndi mabungwe othandiza. Pomwe Bingu wa Mutharika adalowa m'boma mu 2004 n'kulamula kuti ntchito za boma zikhazikike ku Lilongwe, kufunika kwa maofesi kumeneko kudakwera chifukwa cha chiganizo cha munthu mmodzi, osati chifukwa cha malonda. Nyumba za ku Capital Hill sizingakwane nthambi zonse za boma, kotero zambiri zimachita lendi m'nyumba za makampani ku City Centre ndi madera ena.

Boma ndi mlendi wa mtundu wake. Silisamuka wambawamba, limatenga malo aakulu, ndipo silingatseke ngati kampani yogwa. Koma limachedwa kulipira. Kampani ya Mpico, yomwe ili pamsika wa masheya ndipo ili ndi nyumba zambiri ku Lilongwe, yakhala ikudandaula kwa zaka zambiri m'malipoti ake za ngongole ya lendi yomwe boma limakhala nalo. Wina angafunse kuti bwanji osangowatulutsa? Apa ndi pomwe kukula kwa mzinda kumalumira. Mumzinda wa makampani mazanamazana, mwini nyumba angathe kutulutsa wosalipira n'kupeza wina mwezi wamawa. Mumzinda momwe unduna umodzi umadzadza nyumba yonse ya nsanjika zisanu, ukautulutsa upeza kuti wina woti adzaze malo onsewo? Mwini nyumba amangopirira, akudikira, kwinaku ndalama yokonzera chikepe ndi denga ikusowa, nyumba ikukalamba msanga. Ndipo amene akudikira naye limodzi ndi mphunzitsi kapena kalaliki amene ndalama zake za penshoni zidagula masheya a kampaniyo.

Kamangidwe ka Lilongwe kamawonjezera vutoli. Bungwe la Capital City Development Corporation, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1968 kuti limange likulu latsopano mothandizidwa ndi ngongole yochokera ku South Africa, lidatsata pulani ya mzinda wotambalala, wa mitengo yambiri ndi madera otalikirana. City Centre idaikidwa patali ndi Old Town, pakati pake pali nkhalango ya Lingadzi, mafakitale ali ku Kanengo, ndipo anthu ambiri ogwira ntchito amagona kutali ndi zonsezi. N'zokongola m'maso, makamaka nyengo ya mvula. Koma phindu la kuunjikana lomwe Marshall ankanena limafuna kuti anthu azitha kuyenda wapansi kuchoka ku ofesi iyi kupita ku iyo. Mzinda wa anthu miliyoni imodzi womwazikana chotere umagwira ntchito ngati matauni ang'onoang'ono anayi kapena asanu. Ndiye musadabwe kuti patapita zaka pafupifupi 50 chisamukire likulu, pafupi ndi Kang'ombe House ndi nyumba ya Reserve Bank pakadali malo a thengo, ndipo dzuwa likangolowa ku City Centre kumakhala zii ngati kumanda.

Pomwe nyumba zenizeni za maofesi zikusowa kapena zikudula, anthu apeza njira yawo: kusandutsa nyumba zogona kukhala maofesi. Yendani ku Area 10, 12, 43, 47, 3 kapena 9 ku Lilongwe, ndi ku Namiwawa, Mandala kapena Sunnyside ku Blantyre, muona zikwangwani za mabungwe, zipatala zazing'ono ndi makampani pamageti a nyumba zomwe kale munkakhala mabanja. Kwa bungwe la antchito 15 lomwe pulojekiti yake ndi ya zaka zitatu, nzeru yake ndi yomveka. Nyumba ya kumayadi ili ndi mpanda, malo oimika magalimoto, poika jenereta ndi thanki ya madzi, ndipo palibe kudikira chikepe chakufa. Chipinda chogona chimasanduka cha bwana, pabalaza pamakhala pochitira misonkhano.

Chizolowezichi chimapweteka mbali ziwiri. Chimalanda nyumba kwa mabanja, pakuti bungwe lolandira ndalama zakunja lingathe kulipira lendi yomwe wogwira ntchito wamba sangaifike, ndipo amene wachotsedwa ku Area 47 amakakweza mitengo ku Area 49 kapena 25, unyolo n'kumatsika choncho mpaka kwa wa chipinda chimodzi. Chimalandanso makasitomala kwa omanga maofesi enieni, kotero nyumba zomwe zikadamangidwa pakati pa mzinda sizimangidwa, ndipo kusowa kwa maofesi kumapitirira. Malamulo a mapulani a mizinda amafuna kuti munthu apemphe chilolezo asadasinthe ntchito ya nyumba yake. Makhonsolo akadakhwimitsa lamuloli, mwina msika ukadawongokako, koma kuthamangitsa mabungwe kumayadi popanda kwina koti alowe n'kungosuntha vuto.

Nanga n'chifukwa chiyani omanga sathamangira kudzadza mpatawu? Ndalama. Zambiri zofunika panyumba yamakono ya maofesi, monga zikepe, magalasi, zitsulo, matailosi, mawaya ndi makina oziziritsa mpweya, zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja zomwe n'zosowa. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo aliyense amene adali pakati pa ntchito yomanga adaona bajeti yake ikusungunuka. Mu 2024 Reserve Bank idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amabwereketsa pamwamba pa pamenepo. Tiyerekeze munthu wabwereka K10 biliyoni pa chiwongoladzanja cha 30 peresenti. Chaka chilichonse ayenera kupeza K3 biliyoni ya chiwongoladzanja chokha, asadabweze ngongole yeniyeniyo, asadalipire msonkho wa kukhonsolo, alonda ndi inshulansi. Nyumba yomwe lendi yake ingabweze gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wake chaka chimodzi ndi ya m'maloto.

Choncho omanga nyumba zikuluzikulu kuno amakhala a mitundu iwiri: mabungwe odzimangira okha likulu, monga National Bank idachitira ndi nyumba yake ya mumsewu wa Henderson kapena MRA ndi Msonkho House, ndi omwe ali ndi ndalama zawozawo zosafuna kubweza msanga. Lamulo la penshoni lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2011, lokakamiza wolemba ntchito kupereka 10 peresenti ndi wantchito 5 peresenti ya malipiro, lidasonkhanitsa chuma chambiri chofuna kokaikidwa. Pamsika wa masheya pali makampani osafika 20, ndiye nyumba zidakhala njira ina yotetezera ndalamazo kuti zisadyedwe ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Mpico idalowa pamsikawu mu 2007, ndipo Icon Properties, yochokera m'banja la Nico, idalowa mu 2019. N'zochititsa chidwi kuti makampani onse awiriwa ali ndi malo akuluakulu ogulitsira zinthu, Gateway Mall ku Lilongwe ndi Chichiri Shopping Centre ku Blantyre. Mumzinda wapakati aliyense amagula sopo ndi shuga, koma ndi ochepa okhala padesiki.

Mzuzu ndi Zomba ndi mizinda ya nthambi. Ziganizo zikuluzikulu za makampani zimapangidwa kwina, ndipo nthambi imafuna kauntala, zipinda zochepa ndi mosungira katundu. Nyumba yooneka bwino ya Reserve Bank ku Mzuzu idamangidwa ndi mwini wake kuti azigwiriramo ntchito yekha, osati ndi wamalonda woyembekezera lendi. Zomba ikutiphunzitsa china: mzinda wodalira mlendi mmodzi umaima mlendiyo akachoka. Likulu litasamuka, ndipo Nyumba ya Malamulo itatsatira m'zaka za m'ma 1990, kudatsala nthambi monga National Statistical Office, Maneb ndi malo osungira zolemba zakale za boma, zambiri zili m'nyumba za boma lomwe. Lero munthu wa ndalama ku Zomba amaona phindu pomanga mahositelo a ophunzira a payunivesite kapena malo ogona alendo kuposa maofesi, ndipo sakulakwitsa.

Tisaganize kuti mzinda waukulu uli pamtendere. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Mzinda ukafika pa msinkhu wina, mpanipani wa magalimoto, kusowa koimika galimoto, umbanda ndi kukalamba kwa nyumba zimayamba kuthamangitsa makampani pakati pa tauni, ndipo chifukwa mzindawo ndi waukulu, umatha kubereka likulu lina la malonda pambali. Johannesburg ndi chitsanzo chowawa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 makampani adayamba kuthawira kumpoto, ku Rosebank ndi ku Sandton, ndipo mu 2000 msika wa masheya wa JSE nawo udasamukira ku Sandton. Carlton Centre, nyumba ya nsanjika 50 yomwe kwa zaka zambiri idali yaitali kuposa zonse mu Africa, idagulitsidwa kwa Transnet mu 1999 pa mtengo wa R33 miliyoni yokha, hotela yake itatsekedwa kale.

Nyumba zambiri zomwe zidasiyidwa pakati pa mzindawo zidalandidwa ndi magulu a zigawenga omwe amazigawa tizipinda ta malata ndi makatoni n'kumatolera lendi kwa anthu osauka, ambiri a iwo obwera kudzafuna maganyu. Usiku wa pa 31 August 2023 moto udabuka m'nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, yomwe kale idali ofesi ya boma yoona za mapasi m'nthawi ya tsankho, ndipo anthu 76 adafa, ena mwa iwo Amalawi. Maofesi akathawa dera, nyumba zake sizisowa ayi. Zimatsala, ndipo wina amalowamo.

Zofanana ndi zimenezi, ngakhale zosafika pamenepo, zaoneka ku Lusaka, komwe makampani ambiri adachoka ku Cairo Road kupita cha ku Longacres, Rhodes Park ndi m'mbali mwa Great East Road, komanso ku Nairobi, komwe Upper Hill ndi Westlands kudamangidwa nyumba zambiri nthawi imodzi mpaka maofesi kuchuluka kuposa owafuna. Zizindikiro zoyamba zilipo kwathu kuno. Ku Blantyre maofesi atsopano akutsata msewu wa Masauko Chipembere cha ku Ginnery Corner ndi Chichiri, pomwe nyumba zina zakale pakati pa tauni ndi ku Limbe zikutha, zina mpaka kuikidwa nyenyezi yofiira ndi khonsolo kusonyeza kuti n'zoyenera kukonzedwa kapena kugwetsedwa. Kusiyana kwake n'kwakuti Johannesburg idali ndi makampani okwanira kudzadza Sandton, pomwe Blantyre ikamwaza makampani ake ochepawo m'madera anayi, palibe dera lomwe lidzakhale ndi mphamvu zokoka nyumba zatsopano.

Mliri wa Covid-19 udaonetsanso kuti nkhonya zina zimagwera mitu ikuluikulu. Anthu atazolowera kugwira ntchito kunyumba mu 2020, ambiri m'mizinda yomwe ulendo wa kuntchito umadya maola awiri patsiku sadafune kubwerera. Ku San Francisco maofesi opanda anthu adapitirira 30 peresenti mu 2023, ndipo ku South Africa adapitirira 16 peresenti mu 2022. Kuno zinthu n'zosiyana pa chifukwa chosanyaditsa: kwa wantchito wa ku Ndirande kapena ku Kawale, ofesi ndi komwe kuli magetsi a jenereta, intaneti yolipiridwa ndi abwana ndi bata loti munthu n'kuganiza. Ndiponso pomwe sipadamangidwe maofesi ambiri, palibe ambiri oti akhale opanda anthu.

Zonsezi zili ndi phunziro pa masomphenya a Malawi 2063, omwe adakhazikitsidwa mu 2021 ndipo imodzi mwa nsanamira zake ndi kukulitsa mizinda. Pulani ya mizinda yatsopano idatchula madera asanu ndi atatu: Karonga, Nkhata Bay, Kasungu, Salima ndi Chipoka, Mangochi ndi Monkey Bay, Liwonde, Luchenza ndi Bangula. Zithunzi za mapulani otere nthawi zambiri zimaonetsa nyumba zazitali za magalasi, ndipo n'zosangalatsa kuziona. Koma maofesi amatsata ntchito, ntchito sitsata maofesi. Ku Liwonde, komwe njanji ya ku Nacala imadutsa, choyamba kufunika chingakhale mosungira katundu, kenaka tizipinda ta okhometsa katundu pamalire, a inshulansi ndi nthambi za mabanki. Nyumba ya nsanjika zisanu ingabwere patapita zaka zambiri, katundu akachuluka. Womanga lero nyumba yotere ku Luchenza poyembekezera mzinda wa mawa akhoza kukalamba akulipira mlonda wolondera zipinda zopanda anthu. Chomwe matauniwa akufuna msanga ndi malo oyezedwa bwino okhala ndi zikalata zaumwini, misewu, madzi ndi magetsi, kuti mzinda ukamakula pakati pake pasadzadze mosalongosoka.

Mu kalembera wa 1998 Blantyre ndiyo idali patsogolo pa chiwerengero cha anthu. Pofika 2008 Lilongwe idali itaipitirira, ndipo mu 2018 kusiyana kwake kudafika pa anthu pafupifupi 190,000. Misewu ina ya mu Lilongwe idakuzidwa, monga Kenyatta Drive, zomwe zikufupikitsa ulendo pakati pa Old Town ndi City Centre. Ngati kalembera wotsatira, yemwe malinga ndi dongosolo la zaka khumi akuyembekezeka mu 2028, adzasonyeze kuti mpatawu ukukulirakulira, makampani omwe malikulu awo ali ku Blantyre adzayamba kudzifunsa ngati n'koyenera kukhala kutali ndi boma, akazembe ndi msika waukulu wa makasitomala. Banki imodzi kapena ziwiri zikadzasamuka, maloya ndi owerengera ndalama awo adzatsatira, ndipo eni nyumba za mu Victoria Avenue, kuphatikizapo mathumba a penshoni, adzafunika kupeza oti alowe m'nsanjika zotsalazo.